Chichewa cha ku Harare ndi zimene zinachitikira chilankhulo cha ku Ireland

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene imabuka kawirikawiri pakati pa ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, kaya pa maliro, pa misonkhano ya mpingo kapena m'magulu a WhatsApp. Ambiri amati popeza malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, mu gawo 6, anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, chatsala n'chakuti boma lichilowetse m'sukulu za m'madera athu, ana azilemba mayeso, basi chilankhulo chapulumuka. Ifenso Chichewa m'sukulu timachifuna. Koma pali dziko limene layenda njira imeneyi kwa zaka zoposa 100, ndi ndalama za boma ndiponso lamulo kumbuyo kwake, ndipo lakhala likuwerenga mosamala zotsatira zake. Dzikolo ndi Ireland, ndipo ziwerengero zake n'zofunika kuti makolo a ku Mbare, Mufakose, Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa azione tisanamalize mphamvu zathu zonse polemba zikalata zopita ku unduna.

Chilankhulo cha makolo a anthu a ku Ireland ndi Gaeilge. Si Chingerezi chopotoka ayi. Mngelezi akachimva satolapo kanthu. Abale ake ndi Gaelic cha ku Scotland ndiponso, chapatali, chilankhulo cha ku Wales. Kalembera wa mu 1841 anapeza anthu oposa 8 miliyoni pachilumbacho, ndipo odziwa mbiri amaika olankhula Gaeilge a nthawi imeneyo pa 3 miliyoni kapena kuposerapo. Mu 1845 chiwawu chinagwira mbatata ya kachewere, imene inali chakudya cha tsiku ndi tsiku cha amphawi. Njala imene inatsatira inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, enanso oposa 1 miliyoni anathawira ku America ndi ku Britain. Amene anafa ndi kusamuka kwambiri anali amphawi a kumadzulo ndi kumwera, eni chilankhulo enieniwo. Pofika 1851 olankhula Gaeilge anali pafupifupi 1.5 miliyoni.

Njala yokha sikanachita zonsezi. Sukulu za boma zimene zinayamba mu 1831 zinkaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo m'madera ena mwana ankavala kamtengo m'khosi. Akalankhula Gaeilge ankatemapo kachizindikiro, ndipo chilango chinkatsatira kuchuluka kwa zizindikirozo. Chowawa n'chakuti nthawi zambiri otema anali makolo eni ake. Iwo ankaona kuti mwana amene mawa adzakafuna ntchito ku Boston kapena ku Liverpool sadzadya Gaeilge. Wina aliyense wa ife amene agogo ake anachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Chipata kapena ku Angonia kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'makhitchini a Salisbury akudziwa maganizo amenewa. Mwana akabwera akulira kuti anzake am'tcha mubhurandaya (dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi), mayi ankayamba kum'lankhula Chishona kuti asaonekere. Palibe lamulo linaletsa Chichewa m'nyumba zathu. Tinachitsekera kuchipinda tokha, pa zifukwa zomveka.

Anthu a ku Ireland anadzidzimuka mochedwa. Mu 1893 Douglas Hyde, Eoin MacNeill ndi anzawo anayambitsa bungwe la Conradh na Gaeilge lophunzitsa akuluakulu madzulo. Dziko litapeza boma lakelake mu 1922, Gaeilge inakhala phunziro la mwana aliyense. Malamulo aakulu a mu 1937 anaitcha chilankhulo choyamba cha boma, patsogolo pa Chingerezi. Mpaka 1973 mwana wolephera Gaeilge sankalandira satifiketi yomalizira sekondale, ndipo kwa zaka zambiri ntchito ya m'boma inkafuna mayeso a chilankhulochi. Wailesi ya Raidió na Gaeltachta inatsegulidwa mu 1972, kanema wa TG4 mu 1996. Mu 2007 Gaeilge inakhala chilankhulo chovomerezeka cha European Union. Zonse zimene timapempha kunoko, ndi zina zimene sitinaziloteko, iwo anapatsidwa.

Nanga zokolola? Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu 1,873,997 onena kuti amatha kulankhula Gaeilge, kutanthauza anthu 40 pa 100 alionse a zaka zitatu kupita m'tsogolo. Chiwerengero chokoma kuchimva. Koma kalembera yemweyo amafunsanso kuti munthu amachilankhula kangati, ndipo olankhula tsiku ndi tsiku kunja kwa sukulu anali 71,968 okha, m'dziko la anthu oposa 5 miliyoni. Mu 2016 anali 73,803, choncho anachepa. Mwa onena kuti amatha, oposa theka anavomera kuti salankhula bwino. Boma linali litalonjeza mu ndondomeko yake ya 2010 mpaka 2030 kuti olankhula tsiku ndi tsiku adzafika 250,000.

Zifukwa zake si zobisika. Kwa zaka zambiri mwana wa ku pulayimale yophunzitsa m'Chingerezi ankakhala ndi Gaeilge maola atatu ndi theka pa sabata. Mwana amakhala maso maola pafupifupi 90 pa sabata. Otsalawo onse, kunyumba, kumasewera, kusitolo, pa kanema, ndi a Chingerezi. M'zaka zoyambirira aphunzitsi ambiri anali ongophunzitsidwa mwachangu pa tchuthi, ndiye ankathawira ku galamala ndi kuloweza ndakatulo, zinthu zimene munthu wosalankhula bwino angathe kuphunzitsa ndi kuchonga. Mwana ankatuluka sukulu akudziwa kusanthula mneni koma osatha kugula buledi m'chilankhulocho. Mu 2012 anakweza mayeso a pakamwa kuti akhale ndi malikisi 40 pa 100, zimene zinathandizako, ngakhale ana ena analowezanso mayankho a pakamwawo. Ndipo boma lomwe linkakakamiza mwana kuphunzira Gaeilge linkamuyankha m'Chingerezi akakula n'kupita ku ofesi ya msonkho kapena kuchipatala. Tisanamizire sukulu kuti sinachite kanthu: popanda iyo chilankhulochi chikanatsala m'midzi yowerengeka, ndipo makolo amene anadzayambitsa zimene tifotokoze m'munsimu anachitolera m'kalasi momwemo. Koma sukulu inapereka anthu odziwa, olankhula inapereka ochepa.

Chiwerengero chimene tikufuna owerenga asunge ndi 67. Madera amene Gaeilge ikadali chilankhulo cha m'mudzi amatchedwa Gaeltacht, ndipo ali m'zigawo za Donegal, Mayo, Galway, Kerry, Cork, Waterford ndi Meath. Kafukufuku wamkulu amene boma linatulutsa mu 2007 anagawa maderawa potengera kuchuluka kwa olankhula tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti chilankhulo chimakhalabe cha pamsewu ndi pamsika ngati olankhula tsiku ndi tsiku ali 67 pa 100 kapena kuposa. Akatsika pamenepo kugwa kumafulumira. Mmene zimachitikira n'zosavuta kuziona. Ana asanu akusewera, anayi amadziwa zilankhulo ziwiri, mmodzi amadziwa chachikulu chokha. Onse asanu amatembenukira kwa mmodziyo. Akatero kwa miyezi ingapo, anayi aja amazolowerana m'chilankhulo chachikulucho ngakhale wachisanuyo atadwala osabwera. M'nyumba namonso, mwana woyamba amalankhula bwino chifukwa anakula ndi akuluakulu okhaokha, koma akayamba sukulu amabweretsa chilankhulo cha kunja, ndipo wachitatu kapena wachinayi amakula akungomva osayankha. Ngakhale mafakitale amene anamangidwa ku Gaeltacht kuti achinyamata asasamuke anabwera ndi mavuto awo, chifukwa mabwana ndi mabanja obwerera kuchokera ku England ankafika ndi Chingerezi. Mu 2022 olankhula tsiku ndi tsiku m'madera onse a Gaeltacht anali 20,261.

Ku Harare kuno palibe lokeshoni imene tingafike 67 pa 100. Choncho chitsanzo chathu si midzi ya Gaeltacht ya ku Connemara koma mzinda wa Belfast, ku Northern Ireland, chigawo cha chilumbachi cholamulidwa ndi Britain, kumene boma la nthawi imeneyo silinkafuna n'komwe kumva za Gaeilge. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mabanja ochepa achinyamata, ambiri mwa iwo ophunzira chilankhulochi atakula kale, anasonkha ndalama, anapeza malo pa msewu wa Shaw's Road n'kumanga nyumba zawo moyandikana, ntchito yambiri ndi manja awo. Anayamba kulowamo mu 1969. Cholinga chinali chimodzi, chakuti mwana akatuluka pakhomo apeze mnzake wosewera naye m'chilankhulo chomwecho. Mu 1971 anatsegula sukulu, Bunscoil Phobal Feirste, ndi ana 9 m'kanyumba kongoyembekezera. Boma silinapereke ndalama mpaka 1984, ndipo zaka 13 zonsezo makolo ankalipira mphunzitsi okha, kukolopa okha, kumata mawu a Gaeilge pamwamba pa a Chingerezi m'mabuku a zithunzi. Sekondale inatsatira mu 1991. Lamulo lopatsa Gaeilge malo ku Northern Ireland linabwera mu 2022, patapita zaka zoposa 50. Onani ndondomeko yake: nyumba, kenako sukulu, lamulo pamapeto. Ife tili ndi lamulo kale, ndipo ziwiri zoyambazo ndi zimene zikusowa.

Sitikunena kuti anthu agule mastandi pamodzi, pakuti tonse tikudziwa mmene nkhani ya malo ilili mumzinda uno. Koma mpingo uliwonse wa CCAP mu Sinodi ya Harare, mzikiti uliwonse ndi bungwe lililonse la maliro lili ndi kaundula wa mamembala ndi kumene amakhala. Tengani kaundulayo, pezani mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi okhala mtunda woyenda pansi mphindi 10 amene ali ndi ana osakwana zaka zisanu. Amenewo ndiwo maziko. Mabanja otalikirana, ofunika kombi kuti akumane, amakumana miyezi iwiri kenako amatopa.

Pa nkhani yosonkhanitsa anthu pali phunziro lina la ku Meath. Mu 1935 boma linasamutsa mabanja kuchokera ku Connemara n'kuwapatsa minda pamalo amodzi ku Ráth Chairn, ndipo kumeneko Gaeilge ikumvekabe mpaka lero. Ku Baile Ghib, kufupi komweko, anasakaniza mabanja ochokera m'zigawo zosiyanasiyana, aliyense ndi kalankhulidwe kake, ndipo mwa zifukwa zina, kusamvana bwino kunawachititsa kugwiritsa ntchito Chingerezi pakati pawo. Ifenso tili ndi a ku Lilongwe, a ku Mulanje, a ku Katete ndi a ku Tete, ndiponso Ayao, Alomwe, Atonga ndi Atumbuka amene Chichewa chinakhala chowalumikiza. Mukayamba kuseka mnzanu kuti ichi si Chichewa chenicheni, mawa adzakulankhulani Chishona, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Ku Ireland anakonza kalembedwe kamodzi ka boma mu 1958, koma pa wailesi wa ku Donegal amalankhula za kwawo, wa ku Kerry za kwawo. Tichite chimodzimodzi: polemba titsate malamulo a kalembedwe a ku Malawi popeza mabuku ambiri amachokera kumeneko, polankhula aliyense abwere ndi za agogo ake.

Chimene chabala olankhula atsopano ambiri ku Ireland ndi sukulu zophunzitsa chilichonse m'Gaeilge, zotchedwa gaelscoil, pamodzi ndi za mkombaphala zake zotchedwa naíonra. Zambiri zinayambitsidwa ndi makolo, boma n'kudzazivomereza pambuyo. Ku naíonra mwana amalowa ali ndi zaka zitatu, maola atatu pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Mphunzitsi salankhula Chingerezi ndipo samasulira. Amagwiritsa ntchito manja, zithunzi, nyimbo ndi ndondomeko yosasintha ya tsiku, kuti mawu omwewo abwere pa nthawi yomweyo: povula jekete, posamba m'manja, pogawa chakudya. Mwana akayankha m'Chingerezi sakalipiridwa. Mphunzitsi amangobwereza zimene wanenazo m'Gaeilge n'kupitiriza. Ku pulayimale sukulu zimaloledwa kuchedwetsa phunziro la Chingerezi mpaka zaka ziwiri zoyamba zitatha, ndipo ana amenewa satsalira m'Chingerezi, chifukwa chimawazungulira kwina konse. Mantha a makolo athu akuti mwana adzalephera giredi 7 chifukwa cha Chichewa alibe maziko. Chishona ndi Chingerezi zili pa msewu uliwonse wa Harare ndipo zidzam'peza.

Maola 15 pa sabata, poyerekeza ndi atatu ndi theka aja, ndiye kusiyana kwake. Mipingo yathu ili ndi maholo amene amakhala otseka kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo ili ndi amayi a Chigwirizano olankhula Chichewa chosasakaniza. Ife tikuona kuti munthu wamkulu mmodzi asapitirire ana 8, chifukwa chimene chikuphunzitsa ndi kulankhulana maso ndi maso. Posankha mphunzitsi, yang'anani kaye pakamwa pake, mapepala pambuyo. Ngati malamulo a ECD (maphunziro a mkombaphala) akufuna wa satifiketi, muikeni pamodzi ndi agogo aakazi odziwa nthano ndi nyimbo za ana. M'patseni malipiro, ngakhale ochepa, ndipo alembedwe m'buku. Ntchito yongodzipereka imatha tsiku limene munthuyo wapeza ganyu. Sande sukulu ya ola limodzi pa sabata ndi yabwino, koma tisadzinamize kuti ingalowe m'malo mwa zimenezi.

Zimene zimalakwika m'sukulu zotere n'zodziwikanso. Ana amalankhula Gaeilge kwa mphunzitsi koma Chingerezi okhaokha pabwalo. Ndiponso popeza amamva kwambiri anzawo ophunzira kuposa eni chilankhulo, amapanga kalankhulidwe kawokawo kosalaza zovuta. M'Gaeilge chiyambi cha mawu chimasintha malinga ndi mawu amene ali patsogolo, ndipo kusintha kumeneku n'kumene ana a m'tauni amayamba kutaya. Kwa ife chimene chimayamba kusokonekera ndi agwirizanitsi ndi nthawi za aneni, chifukwa Chishona chili pafupi kwambiri ndi Chichewa moti mwana amalowetsa za uku m'chiganizo cha uko osazindikira. Kufanana kumeneku kumathandiza kuti mwana amve msanga, komanso kumabisa vuto, kholo n'kumaganiza kuti mwana akulankhula pamene wangosintha mawu awiri atatu. Mankhwala ake si kukwapula kapena kuseka. Ndi kuchulukitsa akuluakulu olankhula bwino amene mwanayo amacheza nawo, ndi kuwapatsa ana masewera amene malamulo ake ndi nyimbo zake zili m'Chichewa, monga fulaye, phada ndi zilapi, kuti chilankhulo chikhale mbali ya sewerolo.

Kunyumba lamulo ndi losavuta kulinena, lovuta kulisunga. Kholo lodziwa Chichewa lilankhule Chichewa kwa mwana nthawi zonse, kuyambira ali kumsana, ngakhale mnzake wa m'banja ali Mshona kapena Mndebele. Winayo alankhule chake. Ana amatha kusiyanitsa. Pamene pamagwera anthu ambiri ndi pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, mwana akayamba kuyankha m'Chishona. Kholo limatopa n'kumutsatira. Musatsatire. Pitirizani m'Chichewa, ndipo m'funseni mafunso osankha, monga akufuna nsima kapena mpunga, kuti mawu a yankho akhale ali kale m'funsomo. Chinanso, Chichewa chisakhale cha kukalipira ndi kutuma kokha. Mwana amene amachimva pokhapokha akalakwa adzachida.

Achinyamata a sekondale ku Ireland amapita pa tchuthi ku Gaeltacht kwa masabata atatu. Amagona m'nyumba za anthu wamba, kumene mayi wa pakhomopo amawaphikira ndi kuwalankhula Gaeilge yokha. M'mawa kalasi, masana masewera, madzulo magule, ndipo m'makoleji ena wopezeka akulankhula Chingerezi amabwezedwa kwawo. Boma limathandiza eni nyumbawo ndi ndalama pa mwana aliyense. Ambiri amati kumeneko n'kumene anayamba kuchiona chilankhulochi ngati chamoyo. Ife tili ndi tchuthi cha Ogasiti ndi cha Disembala, ndipo msewu wodzera pa Nyamapanda ndi Tete kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza timaudziwa. Chovuta ndi mapepala, poti ana ambiri a m'mabanja athu alibe mapasipoti, ena ngakhale chikalata cha kubadwa. Amenewo angathe kupita kwa abale a m'makomboni a migodi ndi mafamu a ku Mashonaland kumene akuluakulu akulankhulabe. Kulikonse kumene apite, musaike ana a ku Harare oposa awiri m'nyumba imodzi, chifukwa atatu amapanga kagulu ka Chishona. Auzenitu eni nyumba cholinga, apo ayi asuweni a kumudzi adzafuna kuyesera Chingerezi chawo pa mlendo wa m'tauni. Ndipo foni ikhale ndi nthawi yake.

Pali ntchito ina imene Ireland inaichita bwino kuposa mayiko ambiri, ndipo ife tikaichedwetsa sitidzaichitanso. Mu 1935 boma linakhazikitsa bungwe losonkhanitsa nthano ndi miyambo, lotsogoleredwa ndi Séamus Ó Duilearga. Linatuma anthu ndi makina ojambulira mawu kukakhala pansi ndi okalamba. Kenako, kuyambira 1937 mpaka 1939, linagwiritsa ntchito ana a sukulu oposa 50,000 a m'sukulu pafupifupi 5,000. Mwana aliyense ankapatsidwa mutu wa sabata, monga mankhwala a zitsamba, mayina a minda ndi zitsime, masewera, miyambi, nkhani za nthawi ya njala, n'kukafunsa agogo kapena oyandikana nawo. Ankalemba m'kope, pamodzi ndi dzina la wonena, zaka zake ndi kumene amakhala, ndipo zabwino zinkakopedwa m'buku lalikulu la sukulu. Panatuluka masamba pafupifupi 740,000. Akusungidwa ku University College Dublin, ambiri aikidwa pa intaneti, ndipo lero munthu amatha kupeza zimene agogo ake analemba ali ndi zaka 12.

Njira imeneyi imagwira pawiri, chifukwa imasunga nkhani komanso imakakamiza mdzukulu kukhala pansi ndi agogo. Okalamba amene anayenda wapansi kuchokera ku Nyasaland kapena kukwera magalimoto a Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kuno, atsala ochepa. Foni wamba ikukwanira. Ikhale pa tebulo kapena pa mtondo wovundikira, pafupi ngati kutalika kwa mkono kuchokera pakamwa pa wonenayo, wailesi itazimitsidwa, kutali ndi jenereta. Poyamba wojambula anene tsiku, malo, dzina la wonena, mfunda wake, mudzi ndi mfumu ya kwawo, ndiponso afunse chilolezo mawu akujambulidwa. Musapitirire mphindi 45, okalamba amatopa ndipo amayamba kufupikitsa. Ndi bwino kubwerera kawiri. Mutu ukhale umodzi pa ulendo: njira imene anadzera ndi malo ogona, ntchito yoyamba ndi malipiro ake, nyimbo za pamtondo, kaphikidwe ka thobwa kapena chikande, malangizo a ukwati, mmene mabungwe a maliro anayambira. Funsani mafunso otsegula ndipo musamudule mawu. Akasakaniza Chishona kapena Chilapalapa cha m'migodi musam'konze, imeneyonso ndi mbiri yathu.

Zojambula zambiri zimatayika pa zifukwa zopusa. Foni imabedwa, kapena fayilo imatumizidwa pa WhatsApp n'kusowa pakati pa mauthenga. Tsiku lomwelo ikoperedwe malo awiri, pa kompyuta ndi pa memori khadi yosungidwa nyumba ina, ndipo dzina la fayilo likhale chaka, mwezi, tsiku ndi dzina la wonena. Pasanathe sabata, wojambulayo alembe m'kope mitu ya zimene zanenedwa ndi mphindi imene chilichonse chikuyambira, chifukwa mawu a maola 200 opanda kalozera palibe adzawamvetsere. Kulemba mawu onse liwu ndi liwu kumadya nthawi, ola limodzi la mawu limafuna maola asanu kapena kuposa, choncho sankhani zofunika. Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake. Zimenezo musatume mwana, ndipo akuluakulu a mwambo ndiwo anene chimene chingajambulidwe ndi amene angachimve.

Tanena za dambwe, tinenenso chenjezo limodzi. Chikhalidwe chingathe kukula pamene chilankhulo chikufota. Bungwe la masewera a makolo la GAA, limene linayamba ku Thurles mu 1884, lili ndi kalabu pafupifupi m'parishi iliyonse. Osewera salipidwa, koma pa fainolo ya hurling, sewero la ndodo ndi kampira la anthu 15 mbali iliyonse, bwalo la Croke Park limadzaza anthu oposa 82,000. UNESCO inalemba hurling pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2018, zitoliro za uilleann mu 2017, zeze wawo mu 2019. Pa 17 Malichi anthu a m'mayiko ambiri amavala zobiriwira pokumbukira Patrick Woyera. Komabe zambiri mwa zimenezi zimachitika m'Chingerezi. Gule Wamkulu nayenso UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndipo kuno zilombo zimatuluka m'malokeshoni anthu n'kudzaza, koma tcherani khutu kwa oonerera ndi kwa anyamata onyamula ng'oma mumve chilankhulo chimene akucheza. Nyimbo zikadali m'Chichewa, oimba ena sadziwa tanthauzo lake. Atsogoleri a magule, a beni ndi a makwaya angathe kuchita zimene makalabu ena a ku Dublin ndi Belfast anachita, kugamula kuti pa maphunziro ndi pa misonkhano ya gulu chilankhulo ndi chimodzi.

Kwa boma tipemphebe, koma tipemphe zoyenera. Mapulogalamu a Chichewa pa National FM alipo. Tipemphe kuti ena akhale a ana, pa nthawi imene ana ali panyumba. Tipemphe kuti makoleji a aphunzitsi atenge achinyamata olankhula kale Chichewa, phunzirolo lisanalowe pa ndandanda ya sukulu, kuopa kubwereza cholakwa cha ku Ireland cha m'ma 1920 chopatsa phunziro anthu osalilankhula. Ireland yomwe inazindikira zimenezi mochedwa: lamulo la mu 2021 likufuna kuti pofika 2030 anthu 20 pa 100 alionse olembedwa kumene ntchito m'boma akhale odziwa Gaeilge.

Pomaliza tili ndi pempho kwa inu, a Mkonzi, ndi kwa alembi a mipingo, mizikiti ndi mabungwe a maliro. Tidziwerenge tokha monga amachitira ku Ireland, ndi mafunso awiri osiyana pa munthu aliyense wa pakhomo: kodi amatha kulankhula Chichewa, ndipo kodi dzulo anachilankhula ndi ndani. Mayankho agawidwe m'magulu a zaka, osakwana 6, a 6 mpaka 18, a 19 mpaka 45, ndi opitirira pamenepo, popanda kulemba mayina. Wofunsa alankhule ndi mwanayo mwini, chifukwa makolo amakonda kuwonjezera. Mlembi mmodzi angathe kumaliza mabanja 30 pa masabata anayi ngati agwiritsa ntchito nthawi yotuluka m'mapemphero. Zotsatira zikasonkhanitsidwa tikupemphani muzisindikize lokeshoni ndi lokeshoni, kuti tione kumene kuli ana aang'ono okwanira kutsegulira mkombaphala woyamba chaka cha sukulu chikamayamba mu Januwale.

Ndife,
Aphunzitsi ndi makolo ena olankhula Chichewa,
Mufakose ndi Mbare, Harare